Sileti ya Bambo

9 Meyi

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Bambo. Ife kunja kuno tili bwino tonse, ine, mkazi wanga mlamu wanuyo ndi mwana, kungoti ntchito yandipanikiza. Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira kuno anzathu ena asiya ntchito, ndiye mashifiti awo agwera ife otsala. Ndalemba kalata yeniyeni monga Bambo amafunira, poti paja iwo za pafoni saziwerengera ngati nkhani.

Zoti Bambo sakuthanso kuwerenga zandikhudza kwambiri. Munthu amene moyo wake wonse wathera kosindikizira mabuku, kusaka zolakwika m'mapepala, lero azingokhala pakhonde kuyang'ana mpanda? Ayi. Mnzanga amene wabweretsa kalatayi wanyamulanso kaphukusi. Muli kamakina kowerengera mabuku. Si foni, si wailesi ya kanema, ntchito yake ndi mabuku basi, ndipo muli ambiri kuposa amene Bambo asonkhanitsa chibadwire. Ubwino wake ndi wakuti zilembo zimakula. Mukagwira pamwamba pa galasi patuluka chilembo A, muzidina mpaka Bambo anene kuti basi. Batire limakhala milungu. Nthawi ndi nthawi muzikalumikiza ku intaneti ya kushopu kwanu kuti kazikhala bwino.

Za kuchipatala cha maso zija, muyambe mwadikira. Tikubwera tonse mu Disembala, ndidzawatengera ndekha kwa dokotala wabwino, osati kuja anthu amaima pamzere tsiku lonse n'kubwerako ndi kabotolo. Ng'ala siyothamangira, okalamba athu kuno amakhala nayo zaka.

Chinanso, chipinda changa chija Bambo anachisandutsa nkhokwe ya mabuku. Tikabwera tidzagona pati? Mwana wanga fumbi limamutsokomoletsa. Popeza mabuku tsopano ali m'manja mwawo, a m'chipindawo muwapezere malo ena, mupakemo kapenti.

Mundiuze mmene alandirira.

Mlongo wanu,
Gulugufe (dzinali mwalikakamira, ndiye ndangolivomera)


2 Juni

Gulugufe,

Moni. Tili bwino, tikuthokoza kumva kuti nanunso muli bwino. Ndalemba pamanja, ndijambula ndi foni n'kukutumizira.

Phukusi lafika. Mnzakoyo sanakhale n'komwe pansi, galimoto inali ikulira pageti. Bambo anakatembenuza kamakinako uku ndi uku, anakanunkhiza, kenaka anati, "Ndiye mwana wanga wanditumizira sileti? Ndibwerere ku sukulu ya mkaka?" Dzina lake ndi lomwelo tsopano. M'nyumba muno ndi sileti.

Masiku oyamba anaikana. Inakhala pamwamba pa firiji pafupi ndi mankhwala awo a magazi. Lamulungu titabwera kutchalitchi ndinaiyatsa, ndinakulitsa zilembo, n'kuisiya pa tebulo ngati ndaiwala. Ndili kukhitchini ndinangomva zii. Nditasuzumira ndinapeza aigwira pafupi ndi mphuno, milomo ikuyenda. Chakudya chinazizira pa tebulo. Nditawaitana kachitatu anati, "Iwe, usandisokoneze, munthu akumira kuno."

Ndiye ndisakunamize, wachita bwino. Kuyambira pamene Amayi anatisiya sindinawaonepo akuiwala nthawi chonchi. Ndinalowa kubafa kukalira kuti asandione.

Komatu chimene ndinakupempha ine si sileti. Ndinati maso a Bambo akufunika kuonedwa. Si kuwerenga kokha. Sabata yatha anagunda chitseko cha kabati chimene chinali chotsegula pambali pawo penipeni, ngati sichinalipo. Wati tidikire Disembala, chabwino, ndiwe ukudziwa za okalamba. Ine ndimangodziwa misomali ndi simenti.

Za chipinda ndinawauza. Akulembera okha.

Mupatse moni mlamu wanga. Kodi foni yake inasintha? Sakuyankha mauthenga anga masiku ano. Titumizireko chithunzi cha mwana, chomwe tili nacho akadali wosamera mano.

Mlongo wako


20 Julayi

Mwana wanga,

Ndikupatsa moni, iwe ndi a m'nyumba mwako. Usadabwe ndi kukula kwa zilembozi. Ndikulemba ndi cholembera cha pamakatoni chimene mlongo wako wabwera nacho kuchokera kushopu, chifukwa za bolopeni sindikuziona.

Zikomo chifukwa cha sileti. Ndinainyoza, ndipo ndabweza mawu anga. Ndikuwerenganso. Munthu amene sanatayepo chinthu chotere sangamvetse zimene ndikunena, ndiye sindichulutsa.

Koma ili ndi zake. Buku lenileni limakuuza ndi zala kuti ulendo watsala pang'ono, kudzanja lamanja kumapepuka, mtima n'kuyamba kukonzeka. Iyi imangolemba timanambala pansi, nkhani n'kukuthera mwadzidzidzi ngati msewu wodulidwa ndi madzi. Dzulo ndapeza liwu lolembedwa kawiri pamzere umodzi. Dzanja linapita lokha kukhutu kukafuna pensulo yofiira, ndipo ndinakhala ndikuyang'ana cholakwikacho wopanda chochita, ngati wapolisi wopuma ntchito akuonerera wakuba. Anthu amenewa alibe wowawerengera?

A Mawotchi, mnzanga uja wokonza mawotchi pafupi ndi depoti, akubwerabe Loweruka lililonse. Kale ankabweza buku n'kutenga lina, tikakangana za ilo mpaka tiyi kutha. Tsopano ndiwabwereke bwanji buku limodzi popanda kuwapatsa onse? Ndinawagwiritsa sileti, anaigwira ngati mbale yotentha, chala chawo chinagunda pena pake, tsamba langa linathawa. Anati, "Akulu, ichi ndi chinthu cha munthu mmodzi, ngati mswachi." Panopa ndimawafotokozera nkhani pakamwa, iwo n'kumanditsutsa zinthu zimene sanawerenge.

Chimene chandisangalatsa koposa ndi ichi. M'mabuku ambiri ndikupeza mizere yodulidwa kunsi kwa mawu, ndipo mlongo wako akuti imeneyo ndi ya mwini wake woyamba kuwerenga. Sindinkadziwa kuti umawerenga chonchi, mwana wanga. Uli wamng'ono buku unkaphera ntchentche. Koma pamene wadula mzere mpamene inenso ndikanadula. Ndikafika pamenepo ndimaima, ndimati apa mwana wanga anadutsapo. Zili ngati tikucheza.

Za chipinda. Mabuku amene aja ena ndinawawerenga asanakhale mabuku, akadali mapepala onyowa inki. Ena anandigulira mayi ako. Sindikanawasuntha chifukwa cha iwe, koma mdzukulu wanga asatsokomole m'nyumba mwanga. Akhale m'shedi ya kuseri kwa milungu imene mudzakhale kuno, mukadzapita abwerere.

Ndine bambo ako


14 Ogasiti

Bambo,

Moni, ndalandira kalata yanu ndipo ndasangalala kuti makina akukuthandizani. Ndinadziwa kuti muwakonda. Mizereyo musaitengere kumtima, munthu umangodula podutsa.

Achemwali, penti ikhale yoyera kapena yotuwirako, osati yobiriwira ngati ya kuchipatala ija mumaikonda. Foni ya mlamu wanu ili bwino, ndi ntchito chabe, mukudziwa unamwino. Chithunzi nditumiza.

Ndalemba mothamanga, ndikulowa shifiti.

Gulugufe


18 Januwale

Gulugufe,

Moni. Sindifunsa ngati uli bwino, chifukwa zithunzi zimene anzako akuika pafoni zikuonetsa kuti uli bwino ndithu.

Kauthenga kako kakuti akukaniza tchuthi kanafika Bambo atavala kale jekete. Anandiuza ndiisite dzulo lake, akuti mpongozi asawapeze ngati munthu wotayika. Nditawawerengera anangoti, "Ntchito ndi ntchito," n'kuvula jekete, n'kuipachika okha. Chiyambire tsiku limenelo ndakulembera kangapo. Foni imandionetsa kuti wawerenga.

Tsopano imva zimene zachitika. Mabuku ndinawalonga m'makatoni mu Novembala, ndinapaka penti yoyera monga unafunira, ndinagula neti ndi kapeti yaing'ono kuti mwana azisewererapo. Utalephera kubwera ndinati tibweze mabuku. Bambo anakana. Anati mwina akupatsa tchuthi chaka chikayamba, tisavutike kawiri. Ndinawamvera. Ine wogulitsa malata, ndinkadziwa kuti denga la shedi lili ndi mabowo a misomali yakale, koma ndinati milungu iwiri si kanthu. Kenaka mvula ija inagwa sabata yathunthu osapuma.

Loweruka lapitali tinatsegula ndi a Mawotchi. Makatoni a pamwamba anali phala. A pansi chiswe chinalowa kuchokera m'nthaka, ukanyamula buku chikuto chokha n'chimene chikubwera, m'kati muli dothi. Fungo lake sindingalifotokoze. Ndinawauza Bambo kuti akhale m'nyumba, koma anabwera akugwira khoma. Anagwada pamatope paja n'kumatola limodzilimodzi. Sankaona mitu yake, koma ankalipimira m'manja n'kulitchula. "Ili ndi la mbiri ya njanji lija. Ili anandigulira mayi ako titangokwatirana." A Mawotchi anavula chipewa ngati tili kumanda. Amene tapulumutsa sakudzaza ngakhale shelefu imodzi, ndipo masamba ake amatana.

Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Madzulo ake anangotenga sileti n'kunena kuti, "Kulitsako pang'ono."

Mawu amenewo ndikuwamva pafupipafupi masiku ano. Mu Juni ndinkadina kawiri. Panopa tsamba lonse likumakhala ndi mawu owerengeka, chala chawo sichipuma kutembenuza. Ndinati tiyeni kuchipatala cha boma, mzere tiupirira. Akuti ayi, mwana wanga anati adzanditengera yekha kwa dokotala wabwino, ndikapita kwina adzati sindimukhulupirira.

Ndiye lankhula nawo iweyo. Auze apite. Kapena tiuze tsiku lenileni.

Mlongo wako


25 Febuluwale

Mwana wanga,

Moni. Kalata iyi ikhala yaifupi chifukwa mizere ikundithawa.

Mlongo wako akapita ndi sileti kushopu imabwera ndi mabuku atsopano. Ndimawadikira ngati mmene tinkadikirira wa positi. Ndimati tione mwana wanga akuwerenga chiyani mwezi uno, poti makalata ako asowa.

Amene abwera tsopanowa andisowetsa tulo. Lina ndi la kulera mwana uli wekha. Lina ndi la mmene ungamuuzire mwana wamng'ono kuti bambo ake sakhalanso m'nyumba. Ndawerenga onse awiri. Pali pamene wadula mzere, pakuti mwana amafunsa funso lomwelo masiku ambiri, ndipo umuyankhe mofanana nthawi zonse.

Ndakhala ndikulumikiza zinthu. Sunabwere mu Disembala. Sukuimba foni ya kanema kuti tikuone nkhope. Mkazi wako wangoti zii. Tsopano ukuwerenga za mwana wotsala wopanda bambo.

Kodi ukudwala?

Ngati madokotala akuuza kanthu, usandibisire poganiza kuti ndine nkhalamba. Ndinaika mayi ako m'manda, ndikudziwa kuimirira. Chimene sindingapirire ndi kumva kwa anthu. Ngati ndi matenda, bwera kuno. Chipinda chilipo, n'choyera, mulibe fumbi. Za maso anga uiwale, ndalama zimene unasungira dokotala wanga ugwiritse ntchito iweyo.

Mlongo wako sindinamuuze zimene ndikuganiza, aziona pojambula kalatayi. Ndiyankhe sabata ino.

Bambo ako


3 Malichi

Bambo,

Sindikudwala. Ndili bwinobwino, musadzipweteke ndi maganizo. Makina amenewa nthawi zina amalowetsa okha mabuku otsatsa malonda, sizikutanthauza kanthu.

Achemwali, bwanji mukuwalola Bambo kuwerenga zilizonse? Musakalumikizenso ku intaneti, mabuku amene alimo ndi okwanira. Za tchuthi ndikukambirana ndi abwana, mwina pakati pa chaka. Zinthu kuno si zophweka monga mukuganizira kumeneko.

Gulugufe


11 Epulo

Gulugufe,

Moni.

Mabuku otsatsa malonda amabwera atadulidwa kale mizere? Bambo ndi okalamba koma si mwana. Anasiya kudya bwino, magazi anakwera, ndinagona pampando m'chipinda mwawo. Iwe yankho lako linali kundikalipira ine.

Unati ndisalumikizenso. Ndinamvera kwa mwezi. Koma Bambo ankandifunsa tsiku ndi tsiku ngati kwabwera buku latsopano, poti kwa iwo ndi njira yokhayo yodziwira ngati uli moyo. Lachiwiri ndinapita nayo sileti kushopu. Nditangolumikiza, galasi linaphethira kawiri, linayera, kenaka panatuluka mawu ondilandira ngati mlendo, n'kumandifunsa dzina ndi mawu achinsinsi. Mabuku onse apita. Onse. Mnyamata wokonza mafoni pafupi ndi shopu yathu waiyang'ana, akuti palibe chawonongeka, mwini akaunti ndiye waichotsa ali komweko. Akuti mabukuwo sanali athu ndi kale lomwe, tinkangowerenga a mwini.

Nditaweruka ndinazungulira msika wonse ngati ndili ndi chogula, kuopa kufika kunyumba. Ndinawapeza pakhonde atatambasula kale dzanja. Anali pafupi kumaliza nkhani ina yaitali, ya makaniko wa sitima ya pamadzi amene akusakasaka mng'ono wake m'madoko. Milungu yonseyi akhala akutifotokozera ine ndi a Mawotchi. M'mawa wa tsikulo anali atandiuza kuti, "Usachedwe nayo, lero akumana."

Ndinawauza. Anaigwirabe, anayendetsa chala pagalasi, anafunsa kuti, "Wafufuta ndi iyeyo?" Ndinati sindikudziwa. Anati, "Ndinamulakwira pomufunsa za matenda?"

Ndiye ndikufunse ine. Wafufuta ndi iweyo? Bambo ako anataya mabuku a pepala chifukwa cha ulendo wako umene sunachitike, ndipo tsopano wawalanda ndi enawa chifukwa anakufunsa ngati uli moyo?

Ndakuimbira, sukuyankha. Ndapeza nambala ina ya mlamu kwa mnzake wa kusukulu ya unamwino. Ndimufunsa iyeyo.

Mlongo wako


19 Epulo

Alamu,

Moni. Ndikhulupirira Bambo apezako bwino. Ine ndi mwana tili bwino. Uthenga wanu ndauwerenga ndili pa basi, ndipo ndinapitirira potsikira.

Amene anafufuta ndine. Ndikupempha mundimvere kaye.

Kamakinako ndi kanga. Ndinagula ndikuyamba ntchito, ndinkawerengera pa nthawi yopuma. Chaka chatha kanasowa m'dirowa. Nditafunsa achimwene anu anati mwina ndinakataya m'sitima. Ndinayamba kuwerengera pafoni, osadziwa kuti chilichonse chimene ndikugula, ndi paliponse pamene ndikudula mzere, zikufikanso kwina. Mwezi uno ndinaona pa akaunti kuti kamakina kaja kakugwirabe ntchito, ndipo wina akuwerenga mabuku anga. Ndinaganiza kuti achimwene anu anakapereka kwa mkazi amene akukhala naye. Ndinaganiza kuti mkazi ameneyo wakhala akuwerenga zonse zimene ndinkadula mzere ndikulira. Ndinadina pofufuta osaganiza kawiri.

Ndaona kuti simukudziwa. Ine ndi achimwene anu tinasiyana mu Okutobala. Anachoka okha. Za ulendo wa Disembala ine ndamva kwa inu, kuno sunakambidwepo. Ndinasintha nambala chifukwa cha zina zimene sindikufuna kulemba, ndipo ndinakhala chete kwa inu chifukwa anandiuza kuti kwawo akudziwa zonse ndipo sakufuna kumva za ine. Ndinakhulupirira. Ndinalakwa posakufunsani.

Zoti Bambo ankaima pa mizere yanga n'kumati akucheza ndi mwana wawo zandipweteka kuposa zonse. Ndinawaona kamodzi kokha, pa ukwati, ndipo ndinkawaopa. Muwauze kapena musawauze, inu ndi amene mukuwadziwa. Pansipa ndalemba dzina la akaunti ndi mawu achinsinsi. Mukalowetsa, zonse zibwerera, ndi tsamba limene anasiyira. Kamakinako ndi kawo tsopano, ndawapatsa ine mwini wake. Mabuku awiri aja a za kulera mwana ndawachotsa.

Koma alamu, chimene chandidetsa nkhawa ndi china. Mwati amagunda zinthu za pambali pawo, ndipo zilembo mwakhala mukukulitsa mwezi ndi mwezi. Ine si dokotala wa maso, koma zimenezo sizikumveka ngati ng'ala yokha. Pali matenda ena a maso amene sadikira munthu. Chonde musadikire wina aliyense. Pitani nawo sabata ino, ngakhale kukhale mzere wotani. Akakana, muwauze kuti mpongozi wawo wagwada.

Ndatumiza zithunzi za mdzukulu wawo. Akuyankhula tsopano, ndipo salola kugona popanda kumuwerengera.

Mlamu wanu


30 Meyi

Achemwali,

Moni. Ndamva kuti mwakhala mukulankhulana ndi mayi a mwana. Nkhani ili ndi mbali ziwiri, koma sindilimbana nazo pano. Sindinakuuzeni chifukwa sindinkafuna kuwapatsa Bambo maganizo. Za makina aja, m'nyumba mwa anthu okwatirana mulibe changa ndi chako, ndipo ankangokhala m'dirowa.

Ndagula ena atsopano, m'dzina langa, palibe adzawafufute. Awa ndi abwino kuposa aja chifukwa amawerenga okha mokweza, Bambo azingomvera. Anditayitsa ndalama zambiri ndithu. Mnzanga uja akubwera nawo milungu ikubwerayi.

Mwapita kuchipatala? Mundiuze zimene anena. Ngati ndi opaleshoni ndiona chochita. Tchuthi mwina chakumapeto kwa chaka.

Gulugufe


6 Julayi

Gulugufe,

Moni. Mnzako wafika ndi phukusi. Ulendo uno ndamukhazika pansi, ndamuuza adikire ndilembe. Phukusilo akubwerera nalo, sindinalitsegule.

Wafunsa za kuchipatala. Tinapita sabata yomwe mlamu analemba. Bambo anavomera nditawauza zonse, za Okutobala, za dirowa, za mwini mizere. Anamvetsera mpaka pamapeto osandidula. Kenaka anati, "Ndiye mwanayu amawerenga bwino," kunena mlamu. M'mawa mwake anadzuka okha n'kuvala.

Mzere unalipo, tinaupirira, sunatiphe. Dokotala anali mtsikana wamng'ono. Anawayeza, anawayezanso, kenaka anandifunsa kuti vutoli linayamba liti. Nditamuuza anavula magalasi ake n'kundiyang'ana. Akuti ng'ala ilipo koma ndi yaing'ono. Chimene chawapha maso ndi madzi a m'diso amene akhala akupanikiza mtsempha pang'onopang'ono, ndipo mtsempha ukafa sudzukanso. Diso lamanzere linapita kale. Lamanja latsala kadontho. Akuti tikanabwera chaka chatha, mankhwala odonthezera akanasunga zambiri. Kabotolo komwe kaja unkakanyoza.

Anandifunsa kuti, "Simunaone kuti zikuipiraipira?" Ndinaona. Ndine ndinkadina chilembo A chija. Akati kulitsa, ine n'kukulitsa, iwo n'kuwerenga, tonse n'kumati zili bwino. Sileti inkatibisira matenda, ndipo ine ndinkaithandiza ndi chala changa, podikira iwe. Zimenezo ndizisenza ndekha, sindikukupatsa. Iwe senza zako.

Mabuku anabwerera monga mlamu ananenera, ndi tsamba lomwe anasiyira. Ndinakulitsa mpaka pamapeto penipeni, pamene sipadinikanso. Anaiyandikiza, anaitalikitsa, anaipendeketsa cha kuwindo. Kenaka anandipatsa n'kunena kuti, "Werenga iwe." Nkhani ya makaniko ija ndinawamalizira ine, a Mawotchi ali pomwepo. Ndimawerenga mokhumudwakhumudwa, mawu ena sindiwadziwa, ndipo Bambo amandikonza katchulidwe atatseka maso. Umu ndi mmene tikukhalira. Ndikaweruka, ndiphike, ndiwadonthezere mankhwala, ndiwerenge mpaka mawu andithere. Loweruka amandilandira a Mawotchi ndi galasi lawo lokulitsira zinthu limene amakonzera mawotchi. Lamulungu mlamu amaimba, mwana n'kuwaimbira agogo ake nyimbo.

Ndinawauza kuti watumiza makina olankhula. Anafunsa kuti, "Amalankhula ndi mawu a ndani?" Ndinati a munthu wina wake, sitikumudziwa. Anati, "Mubwezereni. Alendo m'nyumba muno sindikuwatha."

Ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembere, poti okha sangathenso ngakhale ndi cholembera cha makatoni. Akuti ndilembe kuti tonse tili bwino. Ndiye ndalemba. Tonse tili bwino.

Usatiuzenso mwezi. Ine sindidzawawerengeranso kalata yokhala ndi mwezi m'kati. Ukafuna kubwera, ungobwera, geti ukulidziwa.

Dzana masana kunagogoda munthu. Ndinali kuseri ndikuchapa. Anaitana ndi mawu a chimuna, "Odi kuno!" Pofika pakhonde ndinapeza Bambo aimirira, akumanga batani la pakhosi, nkhope atalozetsa kugeti. Anati, "Gulugufe?"

Anali wowerenga mita ya madzi.

Ndinawauza. Anati, "Ndikudziwa." Anafufuza mpando ndi dzanja, anakhala pansi, batani lija osalimasula mpaka madzulo.

Mnzako akuliza hutala.

Mlongo wako